Agogo Amene Ankamvetsera Waya

Agogo Phiri tinawaika m'manda Lachinayi ku Nathenje. Lero ndi Loweruka m'mawa, ndipo ndatenga buku langali chifukwa Loweruka ndilo linali tsiku lawo pakhomo pano. Ndasesa, ndatsuka mbale, ndaphika tiyi wochuluka kuposa amene tingamwe, ndipo sindikudziwa chochita ndi maola otsalawa. Aphunzitsi athu amati ukafuna kukumbukira munthu molondola uzilemba msanga, mutu usanayambe kukometsera zinthu. Ndiyesa kulemba zimene ndinaona ndekha ndi zimene ndinamva kwa anthu osanama.

Sanali agogo obereka mayi anga. Anali malume awo, mwinimbumba wathu, amene nkhani iliyonse yaikulu ya pabanja inkayenera kudzera kwa iwo. Dzina lawo linali Yosefe Phiri, koma kuchokera ku Nathenje mpaka ku Malingunde ankatchedwa a Mawaya, chifukwa moyo wawo wonse anagwira ntchito yokoka ndi kukonza mawaya a telefoni. Anapuma pa ntchito zipani zambiri zitangoyamba kumene, koma kupumako kunali kwa pa pepala chabe.

Ankayenda choyang'ana kumwamba. Ngakhale ali pa njinga, maso awo ankatsata waya kuchoka pa mzati uwu kufika pa mzati uwo, moti anagwerapo m'ngalande kawiri konse. Kachiwiriko, atadzutsidwa, anayamba auza owathandizawo kuti waya wa pamenepo walendewera, asananene kuti bondo likutuluka magazi. Akazi awo, agogo Nabanda, ankati anakwatiwa ndi munthu wodziwa mzati uliwonse wa m'mbali mwa msewu koma wosadziwa chimene chamera m'munda mwake.

Kumbuyo kwa njinga ankamangirira chikwama cha chikopa chimene chinada ndi thukuta. Munali pulayazi, kampeni, tepi yakuda, tizidutswa ta waya, ndi foni yawo yoyesera. Foniyo inali ndi zingwe ziwiri zokhala ndi timano kumapeto, toti ukaluma nato waya pamalo alionse umamva zimene zikuyenda mkatimo. Ana sitinkaloledwa kuikhudza. Ngakhale abusa atapempha kuigwira, anangoionetsedwa chapatali.

Akafika pa nyumba yokhala ndi foni, ankayamba alonjerana ndi eni ake mwaulemu wonse, kufunsa za ana, za mvula, za odwala. Kenaka ankapempha kuti amvereko foniyo. Ankainyamula, n'kuimba nambala imodzi yokha kuti kulira kwa mkati kuja kuleke, ndipo ankatsinzina. Ankatha kuima choncho mphindi zingapo, eni nyumba akuyang'anana. Ankati anthu tonse timamvetsera mawu, koma iwo anaphunzira kumvetsera zimene zili kuseri kwa mawu. Waya wabwino, mwa kunena kwawo, amakhala chete ngati m'tchalitchi Lolemba. Akamva kaphokoso ankatha kunena ngati ndi nthambi yokhula waya, madzi olowa pa mfundo, kapena dzimbiri, ndipo kawirikawiri ankanenanso kuti vutolo lili mizati ingati kuchokera pamene aimapo. Ine ndaphunzira za magetsi m'kalasi ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino, koma sindikumvetsabe kuti khutu la munthu lingayeze bwanji mtunda.

Pali chinthu china chimene ndangochidziwa pa maliro. Kale, nthawi ya chipani chimodzi, anthu ankaopa foni, ndipo ankaopanso munthu wokwera pa mzati ndi foni yoyesera, chifukwa ankadziwa kuti amamva zonse. Zinthu zitasintha, anthu atayamba kulankhula momasuka, ambiri ankawatsata agogo kuti aulule zimene anamva zaka zonsezo: ndani ananenera ndani, ndani ankaimbira mkazi wa ndani. Agogo ankayankha kuti zimene zinalowa m'khutu mwawo ali pamwamba ankazisiya pamwamba pomwepo potsika. Ena anawada nazo, n'kumati akubisa anzawo. Koma Lachinayi, tili m'nyumba ya maliro, mayi wina wokalamba wa ku Nathenje anauza amayi anzake kuti tsiku lina mwamuna wake, amene anali ndi golosale, analankhula pa foni mawu oti akanamutengetsa osabweranso. Agogo anali pa mzati wa kuseri kwa golosaleyo. Anatsika, analowa, anagula sopo, ndipo potuluka anangomuuza mwini golosale kuti waya wake ndi wodontha, azikambirapo za mvula ndi za mchere basi. Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka kufa. Mayiyo anati ana ake anakula ndi bambo wawo chifukwa cha sopo ameneyo.

Ndisaname kuti anali munthu wofewa. Anali wamakani, ndipo makani awo aakulu anachita ndi mayi anga.

Bambo atamwalira anatisiyira foni ya m'nyumba ndi kompyuta imene ankalembera malipoti a zaulimi. Kompyutayo ndi yaikulu, yotuwa, ndipo imakhala pa tebulo pafupi ndi zenera, yofunditsidwa nsalu. Ikafuna kulowa pa intaneti imaimba foni yokha kudzera pa kabokosi kotchedwa modemu. Kabokosiko kamalira, kamakuwa, kamachita ngati katsamwa, kenaka kamakhala chete, ndipo makalata amayamba kulowa. Kwathu kuno pa Mitundu nyumba zokhala ndi zoterezi n'zowerengeka, moti masiku oyamba anthu ankabwera kudzaonerera pa zenera.

Mayi anga ndi namwino. Anapempha malo pa sukulu ina ya ku South Africa kuti akaphunzire uzamba wapamwamba kwa zaka ziwiri. Atapita ku Nathenje kukawauza agogo monga mwa mwambo, agogo anakana. Anati ana ataya kale bambo, sangatayenso mayi chifukwa cha pepala. Mayi anati atopa kuona amayi akufa pobereka ndi mavuto oti munthu wophunzira akanawapulumutsa. Ine ndinali pa khonde ndi mng'ono wanga Mphatso, ndipo tinamva zonse.

"Naphiri, ana awa uwasiyira ndani?" anafunsa agogo.

"Ndi mbumba yanu, amalume. Kapena umwinimbumba umangogwira pa maliro ndi pa ukwati?"

"Ukundiphunzitsa ntchito yanga?"

"Ayi. Ndikupempha kuti mundilole ndikaphunzire yanga."

Agogo ananyamuka n'kupita kukapopa njinga imene inali yopopa kale. Kwa miyezi itatu sanaponde kwathu.

Dzinja la chaka chatha, mvula ili pakati, anthu akuthyola fodya, foni inalira Lolemba lina. Anali mlembi wa ku sukulu ija. Mayi anamva movutikira chifukwa m'foni munali kuthetheka ngati chimanga cha m'chiwaya, koma zofunika anazimva: apatsidwa malo, fomu yatumizidwa pa imelo, ndipo ayenera kuidzaza n'kuibweza pofika Lachisanu folo koloko, apo ayi malowo apatsidwa wina. Kuthethekako sitinakuganizire konse. Kunayamba milungu iwiri m'mbuyomo ndipo tinali titakuzolowera. Tinkangokweza mawu.

Mayi anavundukula kompyuta, imene inali itakhala milungu ingapo osayatsidwa. Modemu inaimba, inalira, inakuwa, kenaka inadula. Pa sikirini panatuluka mawu oti yalephera kulumikiza. Anayesa kasanu, kasanu konse chimodzimodzi. Kukatsegulira makalatawo pa kompyuta ina kunali kosatheka, chifukwa mawu achinsinsi anaikamo ndi bambo, ndipo pa sikirini amangooneka ngati tinyenyezi. Bambo anapita nawo kumanda. Mayi nawonso sakanachoka pa Mitundu: sabata imeneyo namwino anali okha m'chipinda cha amayi oyembekezera, mnzawo atapita ku maliro.

Lachiwiri kunabwera a Gondwe, katswiri wa makompyuta wa ku Lilongwe, atavala tayi ndi nsapato zimene matope athu sanazichitire chisoni. Anali munthu wodziwa ntchito yake. Anazula zingwe zonse n'kuzilumikizanso, anaona ngati nambala yoimbayo ili yolondola, anazimitsa n'kuyatsanso, anafufuta pulogalamu ya modemu n'kuiikamonso. Lachitatu anabweranso ndi modemu yatsopano. Nayonso inakuwa n'kudula. Mayi atafunsa ngati vuto silingakhale foni, a Gondwe anainyamula, anaimbira mnzawo wa m'tauni, anakambirana naye mokuwa, n'kunena kuti foni ili bwino poti munthu akumveka. Anati matenda ali m'mimba mwa kompyuta, aitenge akaitsegule ku shopu, ibwera Lolemba. Lolemba, ndiye kuti Lachisanu litadutsa. Mayi anawathokoza, koma kompyuta anaikaniza.

Ndinawauza mayi kuti tiitane agogo. Anati ndisayerekeze.

"Ukufuna abwere adzaone kuti ngakhale makina ali mbali yawo?"

Lachinayi anapita ku ntchito maso ali ofiira.

Sindikudziwa amene anakafikitsa nkhaniyi ku Nathenje. Sindine. Ndikuganiza kuti ndi ogulitsa tomato, chifukwa nkhani ya pa Mitundu imayenda ndi madengu. Lachisanu sindinapite ku sukulu, poti mayi anandiuza kuti ndiziyesabe kompyuta ola lililonse. Cha m'ma teni, mvula itangokata, ndinamva belu la njinga. Anali agogo, matope mpaka m'maondo, thalauza atalipana ndi zopanira zovala. Anandilonjera ngati tinali limodzi dzulo lake. Anafunsa za sukulu ndi za Mphatso, kenaka anati, "Mayi ako ali kuti?"

"Ku ntchito, agogo."

"Ikakwana nthawi yopuma ukawaitane. Sindikonza chinthu mwini wake palibe."

Limeneli linali lamulo lawo. Ankati ukakonza chinthu mseri, mwini wake amayesa matsenga, ndipo mawa amabwerezanso cholakwa chomwecho.

Kompyuta sanaikhudze. Anaizungulira manja ali kumbuyo, ngati mmene munthu amaonera ng'ombe ya eni ake. Anandiuza kuti ndiiyatse iimbe. Modemu itayamba kulira anaweramitsa mutu n'kutsinzina. Itadula anati ndibwereze. Itadulanso anatsegula maso.

"Makinawa alibe mlandu," anatero. "Akuitana bwino, ndipo a kutsidyako akuyankha. Koma pali wachitatu amene akulankhula pakati pawo."

Ananyamula foni, anaimba nambala imodzi, anamvetsera, n'kundipatsa kuti ndimve. Kunali kuthetheka kuja. Anandifunsa kuti kunayamba liti, ndipo ndinati milungu iwiri yapitayo. Anandifunsa chimene chinachitika milungu iwiri yapitayo, ndipo ndinati palibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti chinthu sichiwonongeka pa tsiku lopanda chochitika, timangokhala kuti sitinaone. Anandifotokozeranso chifukwa chimene a Gondwe anasocherera. Munthu amamva mnzake ngakhale pali phokoso, chifukwa mawu akasowa amadzaza yekha mipata ndi nzeru zake. Makina sadziwa kungoganizira. Akaphonya pang'ono amasiya.

Mayi anafika cha m'ma thwelofu ali m'yunifolomu yawo yoyera. Ataona njinga pa khonde anaima kaye pang'ono. Kenaka analowa n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, kaya iwe."

"Ndaswera. Mwatiyendera lero?"

"Ndamva kuti kuno kuli waya wodwala. Iwe sumapita kumene kuli wodwala, ngakhale unakangana ndi mwini wake?"

Agogo ananyamula chikwama n'kutuluka, ife tikuwatsata.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kodula vuto pakati mpaka lisowe kothawira. Anayambira pa kabokosi ka pa khoma kunja, pamene waya wa mumsewu amakumana ndi wa m'nyumba. Anamasula wa m'nyumbayo, analuma wakunja ndi foni yoyesera, n'kumvetsera. Kuthetheka kunalipo. Anati ndiye kuti nyumba yonse, kompyuta, modemu ziwiri zija ndi tayi ya a Gondwe, zonse zilibe mlandu. Kenaka anabwereka makwerero kwa okhoma zidebe n'kukawatsamiritsa pa mzati wa pa msewu. Anauza mayi kuti agwire.

"Amalume, msinkhu wanuwu si wokwera mizati. Mugwa."

"Gwira makwerero, Naphiri. Ndikagwa undibaya jekeseni, si ndiwe namwino?"

Anakwera pang'onopang'ono, phazi lililonse kuliika ngati akulifunsa kaye. Pamwambapo sanamasule kanthu, chifukwa ankati mzati si wawonso chipumireni pa ntchito, angoumvera basi. Analuma waya n'kutsinzina. Ndinawayang'ana ali pamenepo, mkulu wa imvi pakati pa mitambo yakuda, dzanja limodzi litakumbatira mzati, nkhope ili phee ngati munthu wopemphera. Anthu opita ku msika anaima. Ngakhale a njinga zakabaza anasiya kuliza mabelu. Atatsika anati pamwambapo pali chete. Vuto linali pakati pa mzatiwo ndi nyumba yathu.

Anayamba kutsata wayayo choyang'ana kumwamba, kudutsa m'chimanga, kuseri kwa bafa, mpaka kulowa pa malo a aneba athu a Mbewe. Kumbuyo kwawo kunali mayi, ine, ndi anthu ena amene anasiya ulendo wa ku msika, tonse makosi atapindikira kumbuyo ngati iwo. Anaima pa chigafa chatsopano chodzaza fodya wamuwisi. Pa mzati wa pakona wa chigafacho, waya wathu anali atakhomeredwa ndi msomali wopinda. Mzatiwo unali wauwisi moti unali utayamba kuphuka masamba, ndipo madzi a pa denga la udzu ankatsikira pomwepo.

A Mbewe anatuluka m'chigafamo manja ali akuda ndi utomoni wa fodya.

"A Mawaya, mukusaka chiyani m'fodya wanga? Sanaume, bwerani mwezi wa mawa."

"Ndikusaka injiniya amene anakhoma msomali uwu."

"Injiniyayo ndi ine," anatero a Mbewe monyadira. "Wayayu ankalendewera, ngolo yanga ikanamudula. Ndinati waya wa anesi ameneyu, ndimusamale."

"Munakhoma liti?"

"Tsiku lomwe tinaimika chigafa. Milungu iwiri yapitayo."

Agogo anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mwamusamala ndithu, a Mbewe," anatero kenaka, "mpaka mwamubaya pamtima."

Anthu anaseka. Koma wina atawanong'oneza a Mbewe za fomu ya mayi ndi za folo koloko, nkhope yawo inagwa, ndipo anayamba kupukuta manja pa malaya osaleka. Agogo ataona zimenezo anakweza mawu kuti aliyense amve. Anati a Mbewe anachita bwino kukweza wayayo, chifukwa ngolo ikanamudula bwenzi tikunena zina. Cholakwa chinali msomali wokha. Anawaitana pafupi n'kuwaonetsa kuti waya wa foni ndi tiwaya tiwiri togona m'chovala chimodzi, ndipo msomali unaboola chovalacho. Dzuwa likawala mawu ankadutsa, koma mtengo ukanyowa magetsi ankathawira pansi kudzera mu msomaliwo. Anawapempha chubu chakutha cha njinga, ndipo a Mbewe anathamanga kukachitenga ngati mwana wotumidwa.

Anazula msomali n'kuuika m'thumba. Anadula pamene panavulala, anasenda mbali zonse ziwiri, n'kuyamba kulumikiza. Manja awo, amene ankanjenjemera akagwira kapu ya tiyi, sananjenjemere ngakhale pang'ono. Mayi anali ataima pafupi, ndipo analankhula motsitsa, koma ine ndinamva.

"Amalume, mukudziwa chimene ndikufuna kutumiza pa waya ameneyu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwasintha maganizo?"

"Ayi. Ndikuonabe kuti ukulakwa." Anapitiriza kupota waya osawayang'ana. "Koma nkhaniyi ndi ya iwe ndi ine. Msomali wa a Mbewe sunaitanidwe pa zokambirana zathu. Ukatsala, utsale chifukwa wandimvera, osati chifukwa cha dzimbiri."

Mawu amenewo ndinawalemba m'buku lino tsiku lomwelo, ndipo ndawawerenga kambirimbiri. Agogo akanangokhala ku Nathenje tsiku limodzi lokha, akanapambana makaniwo popanda kunena liwu, ndipo palibe akanawaimba mlandu. M'malo mwake anapalasa njinga m'matope mtunda wonse uja kudzatsegula njira imene iwo sankafuna kuti mayi ayendemo.

Asanamalize kukulunga tepi, mlonda wa ku chipatala anafika akupuma mwawefuwefu kuti kwabwera mayi wodwala kwambiri. Mayi anayang'ana wotchi, anayang'ana waya, n'kuthamangira ku chipatala. Agogo anawayang'ana mpaka anakhota. Kenaka anamangirira wayayo pa mzati ndi mphira ya chubu, anauza a Mbewe kuti akoke aone ngati walimba, n'kubwerera kunyumba kukalumikizanso pa khoma paja. Anamvetsera foni, anagwedeza mutu, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi zenera. Ndinapempha kuti ndiyese kompyuta. Anati mwini wake palibe.

Wani koloko inadutsa, thu koloko, fili koloko. Sindinaonepo wotchi ikuthamanga ngati tsiku limenelo. Agogo anangokhala, manja pa maondo. Mayi anafika hafu pasiti fili, yunifolomu ili ndi madontho. Ananena mwachidule kuti mwana ndi mayi ake ali bwino, n'kukhala pa kompyuta osasamba n'komwe kumaso. Modemu inaimba, inalira, inakuwa. Agogo anali atatsinzina. Pakati pa kukuwako, pa sikirini pasanasinthe chilichonse, anakweza chala chimodzi.

"Agwirizana," anatero.

Modemu inakhala chete, ndipo makalata anayamba kulowa. Munthu amene sanagwirepo kompyuta chibadwire anadziwa zimenezo makinawo asananene.

Mayi anadzaza fomuyo ndi zala ziwiri, milomo ikuyenda. Inapita kutatsala mphindi zochepa kuti folo ikwane. Atatembenuka kuti athokoze, anapeza agogo akuwongola msomali uja ndi mwala pa khonde. Agogo analowa nawo, anaukhoma pa khoma pafupi ndi zenera, n'kukolekapo chipewa chawo.

"Loweruka ndizikoleka apa," anatero. "Pakufunika wina woona ngati ana akudya."

Mayi anagwada.

Ananyamuka ulendo wa ku South Africa patapita miyezi iwiri. Mayi aang'ono anabwera kudzakhala nafe, ndipo agogo sanaphonye Loweruka ngakhale limodzi, kaya mvula kaya fumbi. Asanalowe m'nyumba ankayamba ayendera waya kuchokera pa msewu mpaka pa khoma, n'kuima pa chigafa kunyogodola a Mbewe, amene tsopano ankawatcha injiniya mnzawo. Kenaka ankakoleka chipewa, kumvera foni, kufunsa ine ndi Mphatso zimene tadya sabata yonse, n'kukhala pa mpando kuti ndiyatse kompyuta. Ndinkawawerengera kalata ya mayi mokweza. Ndikawafunsa choyankha, ankati ndiwauze kuti waya ali bwino. Sananenepo kuti iwo ndiwo analakwa. Kwa ife ankanenabe kuti Naphiri ndi wosamva. Koma ogulitsa tomato anandiuza kuti ku msika agogo ankaimitsa anthu osawadziwa n'komwe n'kuwauza kuti mwana wa mlongo wawo ali kunja, akuphunzira zoti amayi a kuno asamafe pobereka.

Milungu itatu yapitayo agogo anabwera pa minibasi, koyamba opanda njinga. Waya sanamuyendere. Ananyamula foni, anaimba nambala imodzi, anatsinzina nthawi yaitali, kenaka anandipatsa.

"Tamvera iwe, Tamanda. Kodi ali chete?"

Ndinati ali chete. Anati chabwino. Pamenepo ndi pamene ndinachita mantha, chifukwa sanafunsepo munthu funso limenelo.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa kunyumba kwawo. Uthenga kwa mayi ndinalemba ndine, ndipo unadutsa pa waya yemweyo, pa mfundo imene analumikiza pa chigafa paja. Modemu inagwira kamodzi kokha. Mayi sakanatha kufika maliro asanaikidwe, choncho anaimba foni. Mawu awo ankamveka ngati ali m'chipinda chomwechi. Ndinamva ngakhale kupuma kwawo pamene analeka kulankhula. Adzamaliza maphunziro mvula ikubwerayi ikamadzatha, ndipo anandiuza kuti akadzatsika basi adzayambira ku Nathenje.

Tsopano ndi teni koloko. Panja palibe njinga yotsamira pa khonde, ndipo pamene gudumu lake linkakanda khoma pangotsala mzere wakuda. Ndaona a Mbewe ataima okha pa chigafa chawo, akuyang'ana kumwamba. Chikwama cha chikopa chili ku Nathenje, ndipo agogo Nabanda akuti palibe amene wayerekeza kuchitsegula. Mpando uli pafupi ndi zenera pomwe unali, wotembenukira ku kompyuta, khutu lakumanja la wokhalapo likanaloza ku modemu. Pamwamba pake pali msomali, wopindikabe pang'ono pakati pomwe mwala unalephera kuwongola, wopanda chipewa.

Ndisanatseke bukuli ndanyamula foni, ndaimba nambala imodzi, ndipo ndatsinzina. Ndamvetsera nthawi yaitali. Waya ali chete, monga anamusiyira.